MILANDU YA MASITORO A LENDI KU CHONGWE

Munthu wocoka ku Lusaka pa mseu waukuru wopita ku Chipata sayenda nthawi yaitali asanalowe m'boma la Chongwe, pakuti ngakhale bwalo la ndege la Kenneth Kaunda liri m'boma limeneli. Tauni yeni-yeni ya Chongwe iri patsogolo, pafupi-fupi makilomita 45 kucokera ku Lusaka. Kale m'mbali mwa mseu munali mapulazi a cimanga ndi ng'ombe, pamodzi ndi midzi ya Asoli, anthu a Mfumu Yaikuru Nkomeshya Mukamambo II. Koma mzinda wa Lusaka wasefukira kum'mawa, ndipo kalembera wa caka ca 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'bomali. Kumene kwacuruka anthu kucurukanso malonda. Kuyambira ku Silverest kufikira ku msika wa Chongwe pamangidwa mizere ya masitoro: ena a simenti ndi malata, ena a feteleza ndi mbeu, mabuchala, zigayo, masaluni ndi nyumba za mowa.

Ambiri a anthu oima kuseri kwa kauntala m'masitoro amenewa si eni nyumba ai. Iwo angobwereka, nalipa lendi mwezi ndi mwezi. Nkhani ya lero iri ya mikangano iwiri imene ibuka pakati pa mwini nyumba ndi wobwereka ngakhale lendi irikulipidwa bwino-bwino. Woyamba ndi wakuti wobwereka wasintha malonda, nayamba kucita m'nyumbamo cimene sanapangane. Waciwiri ndi wakuti walowetsamo munthu wina, nayamba iye kulandira lendi pa nyumba ya eni.

Omvera aganizire fanizo ili, limene siliri la munthu mmodzi wodziwika. Mphunzitsi wopuma pa nchito atenga ndarama zace za penshoni namanga sitoro m'mbali mwa mseu. Aibwereketsa kwa mnyamata wogulitsa simenti, malata ndi misomali, ndipo alemberana pepala la zaka zitatu. Pepalalo linena zinthu ziwiri: kuti nyumbayo iri ya malonda a zomangira basi, ndi kuti wobwereka asalowetsemo munthu wina popanda kalata ya mwini. Caka coyamba ziyenda bwino. Caka caciwiri ogulitsa simenti acuruka pa mseu womwewo, phindu licepa, ndipo mnyamata uja ayamba kuyang'ana malo amene angokhala cabe. Adula khonde ndi mapulanga nalipereka kwa mtsikana wotumiza ndarama pa foni. Cipinda ca kumbuyo, cimene cinali cosungiramo katundu, acipereka kwa munthu wogulitsa mowa. Mwini nyumba ali kwao ku Chalimbana, alandira ndarama zace pa foni tsiku loyenera, osadziwa kanthu, kufikira tsiku limene anansi amtumizira mau kuti sagona tulo cifukwa ca phokoso. Pamenepo afika ali ndi loko watsopano m'thumba.

Loya wanzeru adzamuuza kuti loko ameneyo ayambe wakhala m'thumba momwemo, kufikira pepala litawerengedwa lonse. Kuphwanya pangano pakokha sikupatsa mwini nyumba mphamvu ya kulanda nyumba zaka zisanathe. Mphamvu imeneyi ikhalapo ngati m'pepala muli mau onena poyera kuti wophwanya mapangano adzalandidwa nyumba. Ngati mauwo mulibe, mwini angathe kupempha bwalo la milandu kuti liletse cocitikaco, kapena kuti amlipe pa zimene wataya. Koma akatseka citseko ndi mphamvu zace, katundu wa eni ali m'kati, mlandu utembenuka, ndipo wolipa adzakhala iye.

LAMULO LA 1971

Ku Zambia nyumba za malonda ziri ndi lamulo lao-lao, losiyana ndi la nyumba zogonamo. Linapangidwa m'caka ca 1971, linayamba nchito pa 1 January 1972, ndipo m'mabuku a malamulo a dziko liri Caputala 193. Olipanga anatsanzira kwambiri lamulo la ku England la caka ca 1954. Maganizo ace ndi awa. Wamalonda amene wakhala pa malo amodzi zaka zingapo wadzipangira cuma cosaoneka ndi maso, ndico cizolowezi ca ogula: anthu adziwa kuti misomali ipezeka pakhomo lakuti-lakuti, ndipo mapazi ao apita okha. Akacotsedwa mwadzidzidzi, cuma cimeneci citsalira mwini nyumba kapena wina wobwera pambuyo, amene sanacikhetsere thukuta.

Cifukwa cace lamulo linena kuti lendi ya nyumba ya malonda siingotha yokha pakutha zaka za pa pepala. Mwini nyumba wofuna kuithetsa ayenera kupereka cidziwitso colembedwa monga mwa lamulo, kutatsala miyezi yosacepera 6 ndi yosapitirira 12 kuti tsiku loturuka lifike. Ndipo wobwereka ali ndi ufulu wopita ku bwalo kukapempha lendi yatsopano. Koma iyenso ali ndi masiku ace owerengeka. Ayenera kuyankha pasanathe miyezi 2 kuti safuna kuturuka, ndipo pempho lace lifike ku bwalo itatha miyezi 2 koma isanathe miyezi 4 kucokera pa cidziwitso cija. Pakadafunda padajiwitsa galu. Wogona pa masiku amenewa ataya ufulu wace ngakhale analibe colakwa cina.

Mwini nyumba angathe kukaniza lendi yatsopano pa zifukwa zowerengeka zimene lamulo lichula: wobwereka waononga nyumba osaikonza, kapena acedwa-cedwa ndi lendi, kapena waphwanya kwakukuru mapangano ena, kapenanso mwini wampezera malo ena oyenera, kapena afuna kugumula ndi kumanganso, kapena afuna kucitamo malonda iye mwini. Mikangano iwiri ija, ya kusintha malonda ndi ya kulowetsa munthu wina, igwera pa cifukwa cacitatu. Woweruza ayang'ana kukula kwa colakwa. Sacotsa munthu cifukwa ca mabisiketi ocepa oikidwa pambali pa misomali.

Tsono pali cinthu cimodzi cimene obwereka ambiri saciganizira, ndipo ndico mutu wa nkhani yonse. Lamulo ili silichinjiriza munthu cifukwa dzina lace liri pa pepala. Lichinjiriza munthu amene alimo m'nyumbamo, nacitamo malonda. Wobwereka akapereka gawo la nyumba kwa wina, gawo limenelo laturuka m'manja mwace pamaso pa lamulo, ndipo sangalipemphenso pa lendi yatsopano. Akapereka nyumba yonse, watsala wopanda kanthu.

Mlandu wina wa ku England uonetsa ici bwino. Ku tauni ya Wallasey, tsidya la mtsinje kucokera ku Liverpool, kampani ya Graysim Holdings inabwereka nyumba yaikuru niisandutsa msika, nimangamo tizipinda 35 timene inabwereketsa kwa amalonda, aliyense ndi loko wace. Kampaniyo inali kusamala nyumba yonse, niika kapitao woyang'anira. Pamene eni nyumba, a P&O Property Holdings, anafuna nyumba yao, a Graysim anapempha lendi yatsopano. Mlandu unakwera kufikira ku House of Lords, bwalo lalikuru koposa la ku Britain pa nthawi imeneyo, ndipo m'caka ca 1995 oweruza anagamula kuti okhala m'tizipindamo ndiwo amalonda aja, osati kampani. Cotero kampani inalibe cimene ikanapempha. Mabwalo a Zambia sakakamizidwa kutsata ciweruzo cimeneci, koma popeza mau a malamulo awiriwa afanana, maloya acichula ndipo oweruza acilemekeza. Mnyamata wa simenti uja, pamene anali kukhoma mapulanga pakhonde, anaganiza kuti alikuonjezera phindu. Zoona zace anali kucepetsa malo amene lamulo likanamsungira.

ZA KUSINTHA MALONDA

Kumene pepala silinena kanthu za mtundu wa malonda, wobwereka ali mfulu kugulitsa ciri conse cololeka ndi malamulo a dziko, malinga asaononge nyumba. Mwini amene adana ndi mowa pa malo pace ayenera kulemba comweco. Kungonena pakamwa tsiku lopereka makii sikumthandiza kwambiri pa bwalo, pakuti mnzace adzakumbukira mau ena.

Koma kumene mau alembedwa, lamulo lisiyanitsa mitundu iwiri ya ciletso, ndipo kusiyana kwace nkwakukuru. Mtundu woyamba ndi uja wa m'fanizo: nyumba iri ya malonda, koma malonda akuti-akuti okha. Wophwanya ciletso cotere ali ndi mlandu ndithu, ndipo angathe kumanidwa lendi yatsopano. Komabe akhalabe pansi pa lamulo la 1971, ayenera kulandira cidziwitso cace, ndipo bwalo lidzamumva. Mtundu waciwiri ndi uja woletsa malonda onse, monga pamene munthu abwereka nyumba yogonamo, pepala litanena kuti ya kugonamo basi, iye nkuboola zenera nayamba kugulitsa shuga ndi mafuta. Ameneyu lamulo la nyumba za malonda silimdziwa konse, pokha-pokha ngati mwini nyumba anabvomereza, kapena anaona nakhala cete. M'madera atsopano a Chongwe, kumene nyumba ya banja lero mawa ikhala sitoro kapena sukulu ya ana ang'ono, mau awa akuti anaona nakhala cete ndiwo adzakhala fupa lokanganirana. Mwini nyumba amene wakhala akugula buledi pa zenera lomwelo zaka ziwiri adzabvutika kunena kuti sanadziwe.

Cilolezo ca Khonsolo ndi nkhani ina. Lamulo la mapulani a matauni la caka ca 2015 lifuna kuti wosintha nchito ya nyumba, monga kusandutsa nyumba yogonamo kukhala ya malonda, atenge cilolezo ca a mapulani. Ndipo wogulitsa mowa afunika laisensi monga mwa lamulo la mowa la caka ca 2011. Anthu asokoneza zinthu ziwirizi. Laisensi ya Khonsolo ya Chongwe siifafaniza ciletso ca pa pepala la lendi, ndipo kalata ya mwini nyumba siilowa m'malo mwa laisensi. Wa mowa wa m'cipinda ca kumbuyo angathe kupacika laisensi yace pakhoma, koma kwa mphunzitsi uja iri pepala cabe.

MWINI NYUMBA NAYE ANGADZIPHERE MLANDU

Mphunzitsi uja anabwerera kwao, loko ali m'thumba, mtima uli m'mwamba. Pakutha pa mwezi foni ilira: lendi yalowa. Iye aitapa nagula feteleza. Pamenepo mwina wataya mlandu wace osadziwa.

Lamulo lakale la ku England, limene Zambia analowa nalo ufulu, linena kuti mwini nyumba amene wadziwa za colakwa ayenera kusankha cimodzi: kuthetsa lendi, kapena kuipitiriza. Akapempha kapena kulandira lendi ya masiku a pambuyo pa kudziwa kwace, wasankha kupitiriza, ndipo mphamvu ya kulanda nyumba cifukwa ca colakwa cimeneco yatha. Apa zolakwa ziwiri zija zisiyana njira. Kulowetsa munthu wina ndi colakwa cocitika kamodzi, tsiku limene makii anaperekedwa. Cikakhululukidwa cakhululukidwa, ndipo mtsikana wa pakhonde akhala. Koma kucita malonda oletsedwa ndi colakwa cobadwa mwatsopano tsiku liri lonse limene citseko citsegulidwa. Lendi yolandiridwa ikwirira za dzulo zokha, ndipo mowa ukagulitsidwanso mawa mwini ali ndi mlandu watsopano. Masiku ano, pamene ndarama ingolowa yokha m'foni usiku munthu ali m'tulo, mwini nyumba wofuna kusunga mphamvu yace acita bwino kuibweza msanga ndi kulemba kalata yonena cifukwa cace.

Nanga mtsikana wa pakhonde, amene sanaone pepala loyamba ndi kale lonse, aima pati? Poyamba pafunika kudziwa ngati iye ali wobwereka weni-weni. Munthu amene angololedwa kuika tebulo pakhonde usana, mwini sitoro nkumalisuntha monga afuna, ali mlendo cabe, ndipo nkobvuta kunena kuti nyumba yabwereketsedwa. Koma amene ali ndi malo ace odulidwa, ndi loko wace, nalipa pa mwezi, ali wobwereka waciwiri, ngakhale awiriwo ataicha nkhaniyo dzina lina lokoma. Cifukwa cace maloya polemba mapepala a eni nyumba aletsa zonse pamodzi: kubwereketsa, kupereka, ndi kugawana malo. Wobwereka waciwiri ali ngati munthu wokhala pa nthambi: mwini nyumba akathetsa lendi yoyamba cifukwa ca kuphwanya mapangano, yace igwera pamodzi, ndipo catsala ndi kupempha cifundo ca bwalo kapena kutsata amene anamlowetsa kuti abweze ndarama. Koma ngati wobwereka woyamba angobweza makii mwa kufuna kwace, sangabweze ndi ufulu wa mnzace womwe. Codzichinjiriza naco ncapafupi: kupempha kuona pepala loyamba ndi kalata ya mwini nyumba asanalipe ngwee.

Pa mau akuti popanda kalata ya mwini palinso msampha. Ku England lamulo la caka ca 1927 linaonjeza kuti mwini asakane cilolezo popanda cifukwa comveka. Koma malamulo a ku England amene agwira nchito ku Zambia ali makamaka aja amene analipo pa 17 August 1911, ndipo la 1927 linadza pambuyo. Cotero wobwereka wa ku Chongwe amene afuna citetezo cimeneci ayenera kuona kuti mauwo alembedwa m'pepala lace, pakuti palibe amene adzamlembera pambuyo.

PAMENE BOMA LINALI PAKATI

Akuru-akuru amene anacita malonda m'zaka za UNIP akumbukira nthawi imene cilolezo ca mwini nyumba cokha sicinali kukwanira. Pa 30 June 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kusintha kwakukuru pa za malo, ndipo lamulo la caka comweco linathetsa umwini wa muyaya, nilisandutsa malo otere kukhala lendi ya zaka 100 yocokera kwa Pulezidenti. Lamulolo linaletsanso kugulitsa, kugawa, kupinyolitsa ndi kubwereketsa malo popanda cilolezo colembedwa ca Pulezidenti. M'caka ca 1984 Supreme Court inaweruza mlandu wa kampani ya Professional Services Limited, imene inabwereketsa nyumba popanda cilolezoco nifuna lendi yosalipidwa. Bwalo linati pangano lonse liribe mphamvu, ndi lendi yomwe siingatoledwe. Caka cotsatira, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Naik Motors, bwalo lomwelo linafotokoza kuti udindo wotenga cilolezo uli pa mwini nyumba, ndipo wobwereka wosalakwa sataya citetezo cace cifukwa ca ulesi wa mwini.

Lamulo la malo la caka ca 1995 linacotsa la 1975. Malo onse akhalabe m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo cilolezo cace cifunikabe pogulitsa kapena posamutsa umwini. Koma mau a kubwereketsa sanabwerezedwe pa ciletsoco. Kuyambira pamenepo mkangano wa kulowetsa munthu wina wabwerera kwa anthu awiri ndi pepala lao.

Pepala limenelo nalo liri ndi lamulo lace. Lendi yopitirira caka cimodzi iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya kaundula wa malo, ndipo ikapanda kulembetsedwa pa nthawi yace ikhala yopanda mphamvu. Supreme Court inatsimikiza ici m'caka ca 1975 pa mlandu wokhudza Christian Council of Zambia. Pepala la zaka zitatu la mphunzitsi uja, limene linangosungidwa m'sutikesi, likafika pa bwalo lingapezeke kuti zaka zace zitatu kulibe. Cotsala ndi lendi ya nyengo ndi nyengo imene bwalo liiona m'malipidwe ndi m'malandiridwe ao, ndipo onse awiri aturuka ndi zocepa kuposa zimene anayesa kuti ali nazo.

Ku Chongwe bvuto ili liri ndi mbali yace-yace, pakuti gawo lalikuru la bomali liri malo a mafumu. Sitoro yomangidwa pa malo operekedwa ndi nyakwawa iribe taitolo, kufikira mwini atapempha cibvomerezo ca mfumu ndi ca Khonsolo kuti malowo asanduke lendi ya Boma ya zaka zosapitirira 99. Ndipo Mfumu Yaikuru Nkomeshya yakhala ikudzudzula poyera kugulitsa malo a Asoli mwacisawawa. Pa malo otere palibe taitolo imene lendi ingalembetsedwepo. Mkangano ukabuka uyambira kwa nyakwawa, ndipo funso loyamba kumeneko silikhala la Caputala 193 ai, koma lakuti malowo anapemphedwa kuti pamangidwe ciani, ndipo mlendo wa m'cipinda ca kumbuyo anamuonetsa kwa yani. Mwini nyumba amene anapita kukadandaula za wobwereka wace angathe kupezeka alikuyankha yekha cifukwa cimene malo opemphedwa kukhala a nyumba ndi dimba asandukira bara.